Agalu a San Roque

"Lawani ndinu, Manang," anatero Amparo, akuitana mkulu wake Choleng mwaulemu, akupereka chipande uku atatembenuzira nkhope kukhoma.

Choleng sanachilandire msanga. Anayang'ana mng'ono wakeyo, amene anali atamanga kansalu pamphuno ngati munthu wokumba chimbudzi, ataima patali ndi mphika wa nkhumba ya nandolo. Pa zaka makumi atatu ndi mphambu zimene Choleng anakhala ku Italy, akusambitsa nkhalamba za eni ake, fungo la mphika umenewu ndi limene ankalota. Anali atafika dzulo lake, ndipo tauni anaipeza itamuiwala. Mtsinje umene ankachapako ali mtsikana anaumangira simenti n'kuusandutsa ngalande, nyumba ya kanema inali sitolo ya mafoni, ndipo ana a pamsewu ankamupatsa moni waulemu uja wopatsa mlendo wosochera. Chimodzi chimene ankakhulupirira kuti achipeza chili momwemo chinali dzanja la Amparo pa mphika. Koma mwini dzanja uja tsopano ankaopa mphika wake womwe.

"Inday, mng'ono wanga, unayamba liti kulawitsa alendo? Nanay, mayi athu, akanakhala moyo akanakugogoda ndi chipande chomwechi."

"Ndi chimfine chabe."

"Chimfine chake chodya masaya?"

Choleng analawa, n'kupeza kuti mchere mulibe. M'zithunzi zonse za pafoni Amparo anali mayi wodzaza mpando, wa mikono yonenepa ngati ya mayi awo, mtundu wa akazi amene kale anthu akawaona ankadziwa kuti kunyumba kuli mpunga. Uyu woima apayu khosi linali litatalika, milomo itang'ambika. Atawerama kuti atenge mchere anageya, ndipo m'khitchini monse munamveka fungo la mazira owola. Anagwira pakamwa n'kuthamangira kuseri kwa nyumba.

Choleng anatsegula firiji kuti amutengere madzi. Kumbuyo kwa mazira anapeza kabokosi, ndipo m'kabokosimo munali chinthu chooneka ngati cholembera chachikulu. Anachidziwa. Nkhalamba ina imene ankaisamala ku Milan inkabayidwa jakisoni wotere pamimba kamodzi pa sabata, ndipo masabata oyamba iye ndi amene ankagwira beseni.

Amparo atabwerera, akupukuta maso, ananena kuti jakisoniyo, amene amatsitsa shuga n'kuchepetsa thupi, anamulembera ndi adokotala, chifukwa shuga anali atakwera ndipo maondo ankadandaula kulemera. Zimenezo zinali zoona. Choleng anafunsa kuti wayamba liti kusanza chonchi, nanga kuchimbudzi akupita bwino? Amparo anati mafunso amenewo akawafunse azungu ake, pano pali ntchito.

Ntchito inalipodi. Chaka chimenecho Amparo ndiye anali hermana, mayi amene parishi imamusankha kuyang'anira chikondwerero cha San Roque, nkhoswe ya tauni yathu. Hermana amakongoletsa tchalitchi, amaitana bandi, amadyetsa aliyense wolowa pageti, ndipo tsiku la chikondwerero amayenda patsogolo pa mdipiti, maso a tauni yonse ali pa iye. Koma kutatsala tsiku limodzi pamakhala mwambo wina, umene timaukonda kuposa misa yomwe. Hermana amaperekeza chiboliboli cha woyerayo khomo ndi khomo, ndipo khomo lililonse limamuikira mbale. Mbale imeneyo iyenera kubwerera yoyera. Ikabwerera ndi chakudya, ndiye kuti hermana wanyoza mphika wa nyumbayo, ndipo adzukulu a nyumbayo adzakhala akukumbukirabe.

"Uwauze anthu kuti ukudwala," anatero Choleng.

"Hermana sadwala, Manang. Mukuyesa kuno ndi ku Italy, kumene munthu amati ayi zikomo, anthu n'kumusiya?"

"Nanga mbale zonsezo uziika kuti?"

"Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Inu mungonyamula ambulera."

Ananyamuka tsiku lomwelo dzuwa litapendeka pang'ono. Amuna anayi anasenza San Roque, atavala chipewa chake cha paulendo, chala chikuloza chilonda cha pantchafu, kagalu kake ka mtengo kali pambali kataluma buledi. Kumbuyo kunali bandi, azimayi a kwaya ndi aliyense wopanda chochita. Amparo ankayenda mowongoka, atakolekera pamkono chikwama chachikulu chakuda chimene Choleng anamutumizira zaka zapitazo m'bokosi la Khirisimasi.

Pakhomo loyamba anamuikira mpunga womata wachikasu, wa nkhuku ndi chiwindi. Amparo anayamikira fungo, napempha kuti akadyere pafupi ndi kaguwa ka m'nyumbamo, akhale ndi kamphindi kopempherera banjalo. Eni nyumba anasangalala kupeza hermana wopemphera chotere. Mbale inabwerera yoyera. Pakhomo lachiwiri panali nkhumba yootcha, palachitatu lilime la ng'ombe la msuzi wa bowa, ndipo zonse zinatha chimodzimodzi. Choleng, amene m'mawa womwewo anamuona akulephera kuyang'ana supuni ya msuzi, anazizwa.

Galu woyamba anayamba kuwatsata pamenepo, wamkulu, wofiira, khutu limodzi long'ambika. Pofika pamsika anali angapo, ndipo onse ankasiya chiboliboli, kusiya bandi, n'kumayenda modzichepetsa pambali pa hermana. Anthu anayamba kunong'onezana kuti woyera amene anadyetsedwa ndi galu m'nkhalango watumiza agalu ake kwa Amparo. Mayi wina wogulitsa nsomba anachita chizindikiro cha mtanda. Achinyamata anakweza mafoni kujambula chozizwitsa. Tauni imene inagwetsa nyumba za makolo ake osatulutsa msozi inali ikadali yokonzeka kukhulupirira galu.

Choleng sanakhulupirire. Galu wamkota sakandira pachabe. Anatsitsa ambulera n'kuyang'ana pamene agaluwo ankayang'ana, ndipo anaona dontho la mafuta likulendewera pangodya ya chikwama. Linagwera pafumbi, galu wofiira uja n'kulinyambita. Anafuna kumukokera mng'ono wake pambali, koma anali atafika kale pageti la Sitang, ndipo Sitang anali ataima pakhomo, manja m'chiuno.

Sitang ndi Amparo ankaitanana Mare, chifukwa Sitang ndiye anaimira mwana wa Amparo pa ubatizo. Ubale umenewo sunamuletse Sitang kufuna udindo wa hermana chaka chomwecho, ndipo atalephera anauza aliyense kuti sizinamupweteke, mobwerezabwereza, mpaka tauni yonse inadziwa kuti zinamupweteka. Mbale yake inali ya mwendo wa nkhumba wophika ndi nthochi, viniga ndi shuga, chikopa chikunjenjemera, mafuta atayamba kuundana m'mbali ngati kandulo.

"Mare, mwawonda bwanji? Udindo ukulemera? Idyani, mwendo uwu ndauimirira kuyambira m'mawa."

Amparo anayamikira, napempha kukadyera kukaguwa. Anaika chikwama pampando kuti alandire mbale ndi manja awiri, monga mwa ulemu. Galu wofiira analowera pakati pa miyendo ya oimba bandi, naluma lamba wa chikwama, n'kukoka.

Chikwama chinagwa chotseguka. Jumbo imene inali m'kati inang'ambika, ndipo pa simenti yopukutidwa bwino ya Sitang panamwazika chakudya cha msewu wonse: mpunga wachikasu, zikopa za nkhumba, lilime la ng'ombe, masoseji, zonse zitasakanikirana ndi korona ndi kalilole. Oimba bandi anasiya mmodzimmodzi. Lipenga lomaliza linalira lokha kwa kamphindi, kenako nalonso linachita manyazi. Azimayi amene anadzaza pakhomo anali eni ake a mbale zija, ndipo aliyense anazindikira chake. Kunkamveka agalu okha akutafuna.

Sitang anayang'ana pansi nthawi yaitali, kenako anayang'ana mbale imene inali m'manja mwa Amparo.

"Wangawu mumati muuike pamwamba, Mare, kapena pansi pa zinazo?"

Amparo anakhala pampando womwe panali chikwama. Anatenga supuni ndi foloko n'kuyamba kudya. Choleng anamugwira dzanja, akumunong'oneza kuti mafuta amenewo amugwetsa.

"Manang, musandichititse manyazi kawiri."

Anadya nyama, anadya chikopa, anadya nthochi, anapukuta mafuta ndi mpunga, thukuta likutsika m'khosi, anthu onse akuyang'ana supuni ikukwera ndi kutsika. Anapereka mbale yoyera m'manja mwa Sitang, nathokoza. Anayenda mowongoka mpaka pageti. Pamenepo anagwada, nagwira mimba ndi manja awiri, ndipo zonse zimene anadya zinabwerera pamapazi a amuna osenza San Roque.

Choleng anamukweza m'ngolo ya njinga yamoto n'kuthamanga naye kuchipatala chaching'ono cha tauni. Doktora Palmares, mtsikana woti Choleng akanatha kumubereka, anafunsa choyamba ngati ululuwo ukubaya mpaka kumsana. Amparo anati ayi, m'mimba mukungopota. Anamutenga magazi, namuunika m'mimba, namuika dripi chifukwa thupi linali litauma ngati nsomba ya padzuwa. Kenako, atamva za jakisoni kwa Choleng, anafunsa kuti masabata ano wakhala akubaya mlingo wanji.

Amparo anayang'ana kudenga. Ananena motsitsa mawu kuti mlingo waung'ono umene adokotala anamuyambitsira unkagwira mochedwa, pamene chikondwerero chinkayandikira. Mayi wina wogulitsa zinthu pafoni anamuuza kuti mlingo waukulu umamaliza ntchito msanga, namutumizira. Milingo yonse ya pakati anaidumpha.

Doktora anavula magalasi. "Manang Amparo, kuchoka pansi mpaka padenga osaponda makwerero? Nanga mutayamba kusanza, bwanji simunabwere?"

"Mukanandiletsa."

"Ee, ndikanakuletsani."

Zotsatira zitabwera, doktora anati Amparo ali ndi mwayi, kapamba ndi ndulu zili bwino. Anafotokoza, akuyang'ana Choleng kuposa wodwalayo, kuti mankhwalawa amachedwetsa mimba. Chakudya chimakhala m'menemo nthawi yaitali, ndiye munthu akathiramo mafuta a nkhumba pamwamba, chilibe kolowera koma kubwerera. N'chifukwa chake mlingo amaukweza pang'onopang'ono, kuti thupi lizizolowera. Jakisoni asiye kaye mpaka m'mimba mukhale bata, kenako adzayambirenso pansi, ndipo wa pafoni uja amutaye. Azidya tizakudya pang'ono pafupipafupi, mosathamanga, topanda mafuta, ndipo akamva kukhuta aike supuni pansi ngakhale mbale ili yodzaza. Madzi azimwa pang'onopang'ono tsiku lonse, tiyi wa jinja akamva nseru, papaya ndi masamba kuti asadzimbidwe, ndipo asamagone atangodya. Ululu ukadzabaya mpaka kumsana, kapena madzi omwe akadzakana kukhala, asadzadikire misa kutha. Anawonjeza, akuvalanso magalasi, kuti sabata ya chikondwerero chino Amparo sanali woyamba kugona pabedi limenelo ndi nkhani yomweyo.

Pa zonsezo Amparo anafunsa chinthu chimodzi chokha: mawa ayenda pa mdipiti? Doktora anati madzi ndi phala zikakhazikika pofika m'mawa akhoza kuyenda, koma mbale za anthu ayi.

Atatsala awiri, Choleng anakokera mpando pafupi. Pawindo pankalowa phokoso la bandi, imene inali kubwezera San Roque kutchalitchi popanda hermana.

"Tsopano undiuze, Inday. Shuga alibe tsiku la chikondwerero. Unkathamangira chiyani?"

Amparo anatulutsa foni n'kumuonetsa chithunzi chimene Choleng ankachidziwa bwino, chija chopachikidwa pabalaza. Anali mayi awo, chaka chimene anali hermana, ataima pakhomo la tchalitchi m'diresi ya ulusi wa nanazi, manja ake atatukuka ngati mapiko a gulugufe, shawelo yoyera itaphimba mapewa. Diresiyo inali ya agogo awo, yopyapyala ngati khungu la anyezi. Amparo anati anaitulutsa m'bokosi tsiku limene anamusankha, ndipo ngowe za kumsana zinakana kukumana. Atelala amene anapitako anakana kuikhudza, akuti nsalu yakalamba, singano ikalowa ing'ambika. Nanay anali onenepa ngati iye, koma inawakwana. Iye akanayenda bwanji m'diresi yogula kusitolo, tauni yonse ikudziwa kuti ya Nanay ilipo?

"Dzana ndinayesanso, Manang. Patsala mpata wa zala zitatu basi."

Choleng anayang'ana chithunzicho, nayang'ana dripi, nayang'ananso chithunzi. Kenako anaseka kuseka kouma, kosakoma, mpaka namwino anasuzumira pakhomo.

"Inday, diresi imeneyo Nanay sinawatseke."

"Mukuti chiyani?"

"Sinatseke. Msana wonse unali pamtunda, mpata wake chikhatho changa ndi theka. Ndine ndinaikamo nsalu ya pilo n'kumanga mapini. Iwe unali kamwana, unkalira pakona chifukwa nsapato zatsopano zinkakuluma. Ukuyesa shawelo m'kutentha kwa Ogasiti anaivalira kuzizira?"

"Mukunama, Manang."

"Pachithunzi chakocho msana ukuuona?"

Amparo anakulitsa chithunzi ndi zala ziwiri, ngati kuti mayi ake atembenuka. Ananena kuti shawelo imeneyo anaifunafuna m'bokosi osaipeza, ankayesa kuti inatayika pa maliro. Choleng anati sinali yawo. Anakaibwereka yekha, m'mawa wa tsiku lomwelo, kwa mayi ake a Sitang.

Misozi ya Amparo inatsikira m'makutu.

"Miyezi yonseyi ndakhala ndikusanza chifukwa cha diresi yosatseka. Bwanji simunandiuze?"

"Ndikanadziwa bwanji kuti sukudziwa? Maliro a Nanay ndinawamvera pafoni. Ndinkatumiza sopo ndi zikwama, Inday. Nkhani m'bokosi sizilowa."

M'mawa phala linakhazikika, ndipo doktora anawatulutsa. Choleng atanena kuti akupita kwa Sitang, Amparo anatseka maso. Anati apite, ndipo akanene zonse, chifukwa chobisa chinalibenso, agalu anali ataulula kale.

Choleng anapeza Sitang atagwada pabalaza, akukwecha ndi sopo pamene mafuta analowerera m'simenti. Sanaimirire.

"Mwabwera kudzatenga zotsala, Manang Choleng? Agalu amaliza."

Choleng anafotokoza ali chiimire, za jakisoni, za kusanza, za mlingo wodumpha. Sitang ankangokwecha, osakweza mutu. Choleng atatchula diresi, burashi inaima.

"Diresi ya mayi anu ija? Yosatseka ija?"

"Ukuidziwa?"

"Ndani wa msewu uno sakuidziwa? Mayi anga anaiseka nkhani imeneyo mpaka mano anatha m'kamwa. Akuti pini limodzi linamasuka pakati pa mdipiti n'kuwabaya, iwo n'kufuula, ansembe n'kuyesa kuti aona masomphenya." Sitang anakhala pansi, thovu likudontha m'manja. "Ndiye Mare wanga wadzisandutsa chingwe choyanikira zovala chifukwa cha zimenezo? Tonse timadziwa, mwini diresi yekha ayi?"

Choleng anati inde. Nkhani yoseka munthu imazungulira tauni yonse koma pakhomo pake imadumpha.

Sitang anayang'ana mafuta aja, amene ankakana kuchoka. Nkhope yake inali itasintha.

"Akananena kuti akudwala, ine ndikanamukakamiza mwendo wonse uja?"

"Ukanamukakamiza."

"Ndikanamukakamiza, koma ndi supuni yaing'ono."

Anapukuta manja nalowa kuchipinda. Kunamveka chitseko cha kabati chikulira, ndi zinthu zikusunthidwa. Anatuluka ndi shawelo yokulunga m'pepala, itayamba kuchita chikasu m'mapindo, ikununkhira mankhwala othamangitsa njenjete. Choleng atatambasula manja, Sitang anaibweza pachifuwa. Anati mapini amanga yekha, akufuna kuona msana wa hermana ndi maso ake. Ndipo podutsa anaima pakhomo lililonse limene linaika mbale dzulo lake, chifukwa nkhani ikakhala ndi Sitang siifuna wailesi.

Masana anamuveka Amparo m'chipinda cha mayi awo. Diresi inatsika m'mapewa bwinobwino, ndipo kumsana ngowe zinayang'anizana patali ngati abale odana. Amparo anakoka mpweya, nalowetsa mimba, n'kupempha kuti ayese kamodzi kokha.

"Puma, Inday," anatero Choleng. "Mdipiti ndi wautali."

Amparo anapuma. Choleng anayala nsalu ya pilo, Sitang n'kumamanga, mapini ena atawaluma pakamwa. Anati Mare asadandaule, waposa mayi ake, awo mpata wawo munkadutsa mphaka. Amparo sanaseke, koma atamuphimba shawelo anaima nthawi yaitali pakalilole, akutembenuka uku ndi uku. Kutsogolo anali chithunzi chija cha pabalaza.

Anayenda patsogolo pa mdipiti pang'onopang'ono, kandulo m'dzanja, wopanda chikwama. Choleng ankayenda pambali ndi ambulera ndi botolo la tiyi wa jinja, akumumwetsa pang'ono pokhota paliponse. Pamsika Amparo anaima, nkhope itatuwa, ndipo bandi yonse inaima naye mpaka nseru inadutsa. Agalu anali m'mbali mwa msewu, osalabadira. Amene dzulo lake anajambula chozizwitsa anajambulanso lero, popeza mafoni alibe manyazi.

Mdipiti utatha, tauni inalowa pageti la hermana monga mwa mwambo. Matebulo anali atadzaza, nkhumba yathunthu yootcha ili pakati. Azimayi eni mbale zija anabwera, chifukwa kusabwera kukanakhala kuyamba nkhondo, koma anakhala mbali imodzi atapinda manja, mbale zawo zili zopanda kanthu. Nkhani anali ataimva kwa Sitang. Kuimva sikunachotse mpunga wachikasu pa simenti paja.

Amparo anakhala kumutu kwa tebulo, msana wowongoka chifukwa cha mapini. Sitang anatuluka m'khitchini ndi kambale ka sosa, muli phala la mpunga la jinja, naika patsogolo pake pamodzi ndi supuni ya tiyi. Amparo anadya mosathamanga, akupumira, anthu onse akuyang'ananso supuni ikukwera ndi kutsika. Phala litafika theka anaika supuni pansi.

"Ndakhuta, Mare."

Palibe amene anamvapo hermana akunena mawu amenewo pa chikondwerero cha San Roque, chakudya chili m'mbale. Mwamuna amene ankadula nkhumba anaimitsa mpeni. Sitang anatenga kambaleko, nayang'ana phala lotsalalo, nayang'ana azimayi aja mmodzimmodzi. Kenako anawerama n'kukaika pansi pa tebulo, pamene galu wofiira wa khutu long'ambika anali atagona kale.

"Hermana wakhuta," anatero. "Enanu muli ndi jakisoni? Idyani."

Azimayi awiri a kwaya anayang'ana pansi. Mayi wa mpunga wachikasu ndiye anayamba kutambasula dzanja, ndipo mbale zinayamba kulira.

Choleng anadzipakulira nkhumba ya nandolo, imene mchere anathira yekha. Sinkamveka ngati ya Nanay. Anaidya yonse.